Masabata atatu oŵelenga mavoti ku California

Kuno ku Zambia, Attorney General, amene ni loya wamkulu wa boma, sitimuvotela. Amasankhidwa na Pulezidenti, ndipo Nyumba ya Malamulo imavomeleza. Ku America zinthu n'zosiyana: m'ma state 43 pa 50, anthu ndiwo amamusankha pa voti. Tiyeni tikumbukileko cimodzi mwa zisankho zimenezi.

Pa 2 November 2010, ku California kunali mpikisano wa Steve Cooley wa cipani ca Republican, mkulu wa oimba anthu milandu ku Los Angeles, na Kamala Harris wa Democrat, amene anali na udindo womwewo ku San Francisco. Ambili anali kuona kuti Cooley ndiye adzawina.

Koma pa mtsutso wa kampeni, Cooley anafunsidwa ngati adzalandila penshoni yake pamodzi na malipilo a udindo watsopano. Anavomela, n'kuonjezela kuti malipilo a Attorney General, pafupifupi madola 150,000 pa caka, ni ocepa kwambili. Iyi inali nthawi imene anthu ambili anali kucotsedwa nchito komanso kulandidwa nyumba na mabanki. A Harris anatenga mau akewo n'kumawaonetsa pa TV mobweleza-bweleza.

Usiku wa cisankho, Cooley ataona kuti ali patsogolo analengeza kuti wapambana. Anafulumila. Mavoti ambili otumizidwa pa positi anali akalibe kuŵelengedwa, ndipo nchitoyo inatenga masabata atatu. Pa 24 November anavomeleza kuti wagonja. Pa mavoti opitilila 9 miliyoni, Harris anamuposa na pafupifupi 74,000 cabe, ndipo anawina ngakhale ku Los Angeles kwa Cooley.

Harris anakhala mzimai woyamba komanso munthu wakuda woyamba pa mpandowo ku California. Mu 2011 anatuluka m'zokambilana na mabanki akulu-akulu, poona kuti ndalama zimene anali kufuna kupeleka kwa olandidwa nyumba n'zocepa. Mu 2012 California inalonjezedwa pafupifupi madola 18 biliyoni. Pambuyo pake analoŵa mu Senate, mu 2021 anakhala waciŵili kwa Pulezidenti, ndipo mu 2023 tinamulandila ku Lusaka, mzinda umene anafikako ali mwana kudzaona agogo ake, a P.V. Gopalan.

Ise acinyamata timakonda kukamba kuti voti imodzi siingasinthe ciliconse, ndipo zotsatila zikacedwa timayamba kukhulupilila mphekesela za pa WhatsApp. Ku California kusiyana sikunafike ngakhale 1 pelesenti, ndipo amene anavina usiku woyamba si amene analumbila mu January 2011.