Mankhwala a masiteroidi: zoti mudziwe musanamwe kapena kudzola

Msuweni wanga anagula kirimu pamsika kuti athetse ziphuphu. Sabata zoyambirira nkhope inasalala, zithunzi mbwee pa Facebook. Patatha miyezi inayi khungu linapyapyala, timitsempha tikuonekera, ndipo atasiya kudzola nkhope inayamba kuwotcha ngati wapaka tsabola. Nditawerenga pachubu ndinapeza dzina loti clobetasol, siteroidi yamphamvu zedi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikusonkhanitsa zimene zili m'munsimuzi.

Kodi ndi mankhwala anji?

Ma corticosteroid amatengera cortisol, homoni yomwe imapangidwa m'tiziwalo tiwiri ta pamwamba pa impso. Amachepetsa kutupa komanso amafooketsa chitetezo cha thupi. Odziwika ndi prednisolone, dexamethasone, hydrocortisone, betamethasone ndi beclometasone wa mu inhela. Amathandiza pa mphumu, nyamakazi ndi ziwengo. Si omwe aja amamwa ena onyamula zitsulo ayi.

Zoyenera kupewa

1. Kusiya mwadzidzidzi. Mukamwa mapiritsi kupitirira sabata 3, thupi limachepetsa kupanga cortisol yake. Kungosiya lero lomwe kungakufooketseni, kukusanzitsani, BP n'kutsika mpaka kukomoka. Adokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

2. Kuphatikiza ndi ibuprofen, diclofenac kapena aspirin popanda kufunsa. Pamodzi amachulukitsa ngozi ya zilonda za m'mimba. Mapiritsi a siteroidi imwani m'mawa mutadya.

3. Kumwa dexamethasone kuti munenepe. Zomwe zimabwerazo ndi madzi ndi mafuta a kumaso ndi pamimba, pomwe minofu ndi mafupa zikufooka. Si hipi imeneyo, asisi.

4. Kudzola pofuna kuyera, kapena pa chipere. Chipere chimasiya kuyabwa koma chimafalikira. Makirimu amphamvu si a kumaso, ndiponso si a makanda.

5. Kudonthezera m'maso mankhwala otsala a mnzanu. Ngati diso lili ndi chilonda zinthu zimaipiratu, ndipo kudontheza nthawi yaitali kumayambitsa ng'ala kapena glaucoma.

6. Kuyandikira wodwala katsabola kapena chikuku ngati simunadwalepo. Chitetezo chanu chatsika, matendawa angakugwireni mwamphamvu. Zikachitika thamangirani kuchipatala.

Uzani adokotala musanayambe

Nenani ngati muli ndi shuga, BP, zilonda za m'mimba, matenda a maganizo, kapena munadwalapo TB, chifukwa masiteroidi amakweza shuga ndi BP, amasowetsa tulo, komanso angadzutse TB yomwe inagona. Nenaninso ngati ndinu oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena mukufuna kubayitsa katemera monga wa yellow fever.

Omwe mukumwa ma ARV okhala ndi ritonavir musabise: amachititsa masiteroidi ena kuchulukana m'magazi. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amawachepetsa mphamvu.

Inu a mphumu, nkhaniyi isakusiyitseni inhela. Mlingo wake ndi wochepa ndipo umapita kumapapo. Ingochukuchani m'kamwa mukatha kupopera, kupewa zilonda zoyera za palilime.

Mankhwalawa amapulumutsa moyo akalembedwa ndi dokotala. Mu 2020 zinadziwika kuti dexamethasone amathandiza odwala COVID-19 omwe ali pa okosijeni, koma osati omwe akudwala pang'ono.

Msuweni wanga uja akuchira, koma zatenga miyezi. Tatengani chubu chomwe chili m'chikwama chanucho muwerenge timalemba tating'onoto. Mukapeza dzina limodzi mwa amene ndatchulawa, pitani nacho kufamase kapena kuchipatala mukafunse.