Mpando ndi Mawu: Aphunzitsi Achizimayi m'Mbiri ya ONP

Tsiku la Aphunzitsi limene timakondwerera pa 12 Okutobala ndi tsiku limene bungwe la Organização Nacional dos Professores (ONP) linakhazikitsidwa mu 1981. Koma mbiri ya amayi m'bungweli inayambira kutali, pa nkhondo yomenyera ufulu.

Pa 4 Malichi 1967, Frelimo inakhazikitsa gulu la asilikali achizimayi lotchedwa Destacamento Feminino. Amayi a ku Cabo Delgado ndi Niassa ankanyamula zida ndi chakudya, kusamalira ana amasiye ndiponso kulankhula pamisonkhano ya m'midzi, pamene kale pankalankhula amuna okhaokha. Mu 1973 kunabadwa bungwe la amayi la OMM. Choncho amayi analowa m'ndale kudzera pa khomo limene chipani chinawatsegulira.

Pa 24 Julaye 1975 boma linatenga masukulu onse, a mishoni omwe, ndipo Graça Machel anatsogolera unduna wa maphunziro mpaka 1989. ONP inabadwa nduna ili mayi. Komabe, mofanana ndi OMM ndi OJM, bungweli linali m'manja mwa chipani. Linkatsitsa mfundo za boma kwa aphunzitsi kuposa mmene linkakwezera madandaulo awo kuboma.

Nkhondo yapachiweniweni inapasula masukulu ambiri kuno ku Niassa, ndipo mabanja ochuluka a m'malire anathawira ku Malawi, makamaka m'boma la Mangochi. Kuchokera mu 1987, ndondomeko ya zachuma ya PRE inakweza mitengo ya zinthu, malipiro n'kuchepa mphamvu, ndipo mu 1990 aphunzitsi ananyanyala ntchito. Malamulo aakulu a dziko a chaka chomwecho analola zipani zambiri ndi mabungwe oyima paokha. M'kupita kwa nthawi ONP inatenganso dzina la Sindicato Nacional dos Professores de Moçambique, ndipo mu 2014 lamulo nambala 18/2014 linavomereza ogwira ntchito m'boma kukhala ndi masindikato awo.

Pa mipando yapamwamba amayi anapita patsogolo ndithu. Luísa Diogo anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010, Verónica Macamo anatsogolera Nyumba ya Malamulo kuyambira 2010 mpaka 2020, ndipo mu 2020 Judite Massengele anakhala bwanamkubwa wa Niassa. Koma mpando si mawu. Mu 2003 unduna unatulutsa chigamulo nambala 39/GM/2003, cholamula kuti mtsikana akatenga mimba azisamutsidwira ku makalasi a usiku. Kumudzi kumene kulibe magetsi kapena sukulu ya usiku, kumeneku kunali kumuchotsa sukulu. Chigamulochi chinakhala zaka 15, ndipo chinathetsedwa mu Disembala 2018 mabungwe oyima paokha atalimbana nacho kwa nthawi yaitali. Lamulo loletsa maukwati a ana, nambala 19/2019, linabwera chaka chotsatira. Mipando yosiyidwa ndi atsikana aja ankaiona tsiku ndi tsiku anali aphunzitsi a m'kalasi, osati akuluakulu a ku Maputo.

Apa ndi pamene mbiriyi ikukhudzira maphunziro a zinenero ziwiri. Kuyesa koyamba, PEBIMO, kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Carol Benson, amene anafufuza ntchitoyi, analemba kuti kuphunzira m'chinenero cha kunyumba kumathandiza kwambiri atsikana. Kuchokera mu 2003 njirayi inalowa m'masukulu a boma, ndipo kuno ku Niassa bungwe la Associação Progresso linathandiza pa mabuku ndi kusula aphunzitsi.

Mphunzitsi wachizimayi wolankhula Chiyawo ku Ngauma, Chinyanja ku Mandimba kapena Chimakhuwa ku Cuamba amamva zimene amayi a m'mudzi sanganene m'Chipwitikizi pa msonkhano wa komiti ya sukulu. Amadziwa mwana amene sanabwerere m'kalasi chitatha chinamwali, ndi chifukwa chake. Alinso ndi nkhani zake za pantchito. Chiyambire 2017 mayi wogwira ntchito m'boma ali ndi masiku 90 a tchuthi cha uchembere. Nanga kalasi lake amalitenga ndani ngati pasukulupo palibe wina wodziwa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri? Nanga akamusamutsira kudera kumene ana salankhula chinenero chimene anasulidwira? Nkhani zotere, pamodzi ndi ya nyumba zotetezeka za aphunzitsi kumidzi, n'zoyenera kukambidwa m'sindikato.

Mu 1967 ndi mu 1981 khomo linatsegulidwa ndi ena. Lero, aphunzitsi anzathu, zili kwa ife eni. Msonkhano wa ZIP kapena wa ONP ukaitanidwa, amayi asamangopatsidwa ntchito yophika ndi kuyimba. Alembetse nkhani zawo pa mndandanda wa zokambirana, apikisane nawo pa zisankho, ndipo aonetsetse kuti zimene anena zalembedwa ndi kufika kuboma.