Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Inkosi Gomani II

Atsamunda adapha Inkosi Gomani I mu 1896. Mwana wawo, Philip, adalowa ufumu wa Angoni a ku Ntcheu mu 1921, nakhala mwamtendere ndi boma kwa zaka zambiri. Koma mu 1953, Angerezi atakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani II sadabise mawu: adauza anthu awo kuti asamverenso malamulo a zaulimi. Boma lidawachotsa pampando. Ali chidwalire, adathawira ku Mozambique limodzi ndi Mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adawabweza. Adamwalira mu 1954 pachipatala cha Malamulo, kufupi ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo. Chitaganyacho chidatha mu 1963, pomwe ufumu wa Gomani ulipobe.