Mafunso ndi Mayankho: Lusaka ndi Lilongwe zatalikirana bwanji mumlengalenga?

FUNSO: Mayi wina wogulitsa zitenje ku Mtendere mu Lusaka akudabwa. Alamu awo anakwera ndege ku Lusaka m'mawa, nsima ya masana n'kukadyera ku Lilongwe, pamene mayiwo pa basi amafika kutada, miyendo itatupa. Alamuwo akuti woyendetsa ndege amawerenga mtunda m'mamailo a panyanja. Nyanja ya chiyani kumwambako?

YANKHO: Kuchokera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda kukafika pa la Kamuzu ku Lumbadzi pali makilomita pafupifupi 600, ndipo ndege imatha mtundawu pa ola limodzi ndi theka, mwina osakwana. Basi ilibe mwayi wolunjika chotero. Ikanyamuka pa siteshoni ya Intercity imatsata Great East Road, kudutsa Chongwe, kukhotakhota m'mapiri a Manenekera, kuwoloka mlatho wa Luangwa (pomwe fungo la nsomba zouma limatsitsa ngakhale amene analumbira kuti sagula kanthu), kenako Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata. Chipata yokha ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 570. Kuwonjezapo mzere wa pamalire a Mwami ndi msewu wa ku Mchinji, ulendo umapitirira makilomita 700.

Za nyanjazo alamu sananame. Ndege zinabwereka muyeso kwa amalinyero. Akatswiri akale anagawa kuzungulira kwa dziko m'madigiri 360, digiri iliyonse n'kuiduladula magawo 60. Gawo limodzi lotero, poyenda molunjika kumpoto kapena kummwera, ndiyo mailo ya panyanja. Mayiko ankasiyana pang'ono pa kutalika kwake mpaka msonkhano wa ku Monaco mu 1929 unakhazikitsa mamita 1,852. Ndiye makilomita 600 aja kwa woyendetsa ndege ndi mamailo pafupifupi 325.

Liwiro nalo lili ndi mbiri yokoma. Amalinyero ankaponya m'madzi thabwa lomangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo zotalikirana mofanana, n'kumawerenga mfundo zimene zapulumuka m'manja mchenga usanathe kutsika m'kagalasi. Mawu a Chingerezi akuti knot, kutanthauza mfundo, anachokera pamenepo, ndipo ndi amene oyendetsa ndege amatchulira liwiro mpaka lero, ngakhale kuno ku Zambia kumene sitima ya panyanja yamchere sinafikeko.

Komabe ola ndi theka lija lisanyenge munthu. Bwalo la Kenneth Kaunda lili makilomita oposa 20 kum'mawa kwa tauni, ndipo wotuluka m'dziko amayenera kufikapo kutatsala maola awiri. Wa ku Mtendere kapena Kalingalinga ali kale mbali yabwino. Wa ku Kanyama, George kapena Matero ayenera kuyamba walimbana ndi mzere wa magalimoto m'tauni, ndipo m'mawa mzerewo ukhoza kumudyera nthawi yofanana ndi ya mundege. Wotchi yokha asaisinthe, poti Lusaka ndi Lilongwe zimayendera nthawi imodzi.