Kuyeza ndi kulondoloza odwala pa nthawi ya mliri m'boma la Chiradzulu

Kulondoloza ndi ntchito imene achipatala amagwira munthu akapezeka ndi matenda opatsirana. Amafufuza anthu onse amene wodwalayo anakhala nawo pafupi, kuwalemba mayina, kuwayeza ngati pakufunika kutero, n'kumawayendera mpaka masiku amene matendawo amatenga kuti aonekere atadutsa. Kudera la Mfumu Yaikulu Mpama, monganso kwa Likoswe, Kadewere ndi madera ena a Chiradzulu, ntchitoyi imayang'aniridwa ndi ofesi ya zaumoyo ya boma, koma amene amaponda fumbi ndi alangizi a zaumoyo, mothandizana ndi anyakwawa komanso makomiti a zaumoyo a m'midzi.

Chiyambi chake

Chiradzulu inaphunzira ntchitoyi kalekale pa Edzi ndi TB. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala chachikulu cha bomali, zaka zitatu boma lisanakhazikitse ndondomeko ya dziko lonse mu 2004. Chithandizocho chinafalikira ku zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Mbulumbuzi, Namadzi ndi Milepa. Kuyambira pamenepo panakhazikika chizolowezi chotsatira munthu amene wasiya kudzatenga mankhwala, kuitana mkazi kapena mwamuna wa munthu wopezeka ndi kachilombo kuti nayenso ayezetse, ndi kutenga makhololo a onse a m'nyumba ya wodwala chifuwa chachikulu. Magazi ndi makhololo zimanyamulidwa pa njinga zamoto kupita ku labotale.

Nthawi ya COVID-19

Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za anthu atatu oyamba kupezeka ndi COVID-19, onse ku Lilongwe, pa 2 Epulo 2020. Masiku amenewo malo oyezera anali ochepa kwambiri. Ku Chigawo cha Kummwera zokayezedwa zinkapita ku Blantyre, ku College of Medicine ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome Trust. Pambuyo pake makina a GeneXpert, amene zipatala za m'maboma zinali nawo kale poyezera TB, anayamba kugwiritsidwanso ntchito pa matenda atsopanowa, kenaka kunabwera zipangizo zotulutsa zotsatira m'mphindi zosakwana 30.

Kuchedwa kwa zotsatira n'kumene kunkasokoneza ntchito yonse. Munthu wotenga kachilomboka amatha kupatsira ena masiku awiri asanayambe kumva kudwala, choncho zotsatira zikatenga masiku anayi kapena asanu, iye amakhala atakwera kale minibasi, atapita kumsika, mwinanso atagona pamaliro. Malangizo anali akuti aliyense wokhudzana ndi wodwala abindikire kwa masiku 14, ndipo mlangizi azimufunsa za kutentha thupi, chifuwa ndi kubanika. Mafunso okhudza matendawa ankayankhidwanso pa nambala yaulere ya 54747, ya Chipatala Cha Pa Foni.

Malo amene Chiradzulu ili anawonjezera vutoli. Bomali, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 357,000, ndi laling'ono, lothinana, ndipo lili pakhomo pa Blantyre. Anthu ambiri amalawirira ku Limbe kukagulitsa tomato ndi masamba kapena kukagwira ganyu, n'kubwerera madzulo. Munthu wotere angatchule a m'nyumba mwake ndi anzake a kutchalitchi, koma amene anakhala naye mpando umodzi m'minibasi sangamudziwe dzina. Kubindikira nakonso kunali kovuta kwa banja lodya zimene lapeza tsiku lomwelo. Mfundo yomweyi, yakuti osauka adzadya chiyani, inali m'gulu la madandaulo amene anachititsa Khoti Lalikulu kuletsa m'bindikiro wa dziko lonse wa masiku 21 mu Epulo 2020.

Panalinso obwerera kuchokera ku South Africa kudzera pa chipata cha Mwanza. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre asanalandire zotsatira zawo, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi, ndipo anabalalikira m'maboma osiyanasiyana. Kuwapeza kunadalira kwambiri mafumu, popeza m'mudzi mlendo wochokera ku Joni sabisika. Mliri utakula mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, odwala anachuluka kuposa amene akanatha kuwalondoloza, ndipo mphamvu zambiri zinapita kosamalira ogonekedwa. Katemera anayamba kuperekedwa mu Malichi chaka chomwecho.

Kolera

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700. Uli mkati, namondwe wa Freddy anagumula phiri ndi kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe mu Malichi 2023, ndipo anthu ambiri anaunjikana m'misasa ya m'masukulu.

Pa kolera kalondolozedwe kamasiyana. Matendawa amaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku 5, ndipo gwero lake nthawi zambiri limakhala madzi kapena chakudya. Mlangizi amafunsa komwe banja limatunga madzi, ngati lili ndi chimbudzi, ndiponso ngati wodwalayo anadya pamaliro kapena paukwati. Amathira klorini pakhomopo, amagawira nyumba zoyandikana mankhwala oteteza madzi, ndi kuphunzitsa kasungunulidwe ka Thanzi ORS. Chimbudzi cha odwala oyambirira chikayezedwa n'kutsimikiza kuti ndi kolera, ena onse otsegula m'mimba mwamadzimadzi m'deralo amapatsidwa chithandizo osadikira labotale.