Kusalala kwa kalilole wa X-ray kuli patatu

Munthu akasisita galasi n'kunena kuti ndi losalala, wanena zonse zimene dzanja lingamuuze. Kwa akatswiri oyeza akalilole a cheza cha X-ray kumalo a kafukufuku a ESRF mumzinda wa Grenoble, kapena ku Diamond Light Source ku England, mawu amenewa ndi operewera.

Cheza cha X-ray chikagunda kalilole molunjika chimangolowerera. Kuti chinjanje, chiyenera kumukhudza chogona, ngati kamwala kaphanthiphanthi kamene mwana amadumphitsa pamadzi. Zimenezi amazitcha grazing incidence, ndipo n'chifukwa chake akalilolewa, amene ambiri ndi a silicon, amatalika mpaka mita imodzi pamene chezacho ndi chopyapyala.

Choyamba chimene amayeza ndi roughness, kukhakhala. Ndi timabampu tosakwana nanomita imodzi, ndipo nanomita ndi milimita itagawidwa ka 1,000,000. Timabamputi timamwaza cheza. Chachiwiri ndi figure error, kupatuka kwa kalilole yense pa mapindikidwe amene anamukonzera.

Chachitatu ndi slope error, kupendekeka kolakwika kwa kachigawo kalikonse ka kalilole, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Kalilole atha kukhala wosakhakhala n'komwe, koma kachigawo kena kakapendekeka pang'ono, cheza chimakagwa pambali, makamaka poti chikanjanja chimayendabe mamita ambiri chisanafike pa chinthu chofuna kuunikidwa. Muyeso wake ndi nanoradian. Akati ma nanoradian 100, ganizirani msewu wa makilomita 10 umene wakwera ndi milimita imodzi yokha. Akalilole abwino a masiku ano amafika pamenepo.

M'zaka za m'ma 1980, Peter Takacs ndi Shinan Qian a ku Brookhaven National Laboratory ku America anapanga chida chotchedwa Long Trace Profiler. Nzeru yake imandigwira mtima. M'malo mosaka msinkhu wa bampu, chidachi chimayendetsa kuwala kwa laser pamwamba pa kalilole n'kumalemba ngodya imene kwabwerera pamalo alionse, kenako kompyuta imaphatikiza ngodyazo n'kupeza mapindikidwe onse. Kumalo a kafukufuku a BESSY, mumzinda wa Berlin, anadzapanganso china chotchedwa NOM, chogwira ntchito mofananako koma chozindikira kupendekeka kochepa kwambiri.

Pamlingo wotere, ngakhale kutentha kwa thupi la woyeza kumasokoneza mpweya ndi chida chomwe. Ndiye amatseka chipinda n'kutuluka, makina n'kumabwereza okha kuyezako kambirimbiri. Kenako amatembenuza kalilole kuti kumutu kupite kumiyendo n'kuyezanso, pofuna kusiyanitsa cholakwa cha kalilole ndi cholakwa cha chida.