Kamsilikali ka pakavalo ndi dzina la tauni yathu

Kamsilikali kali patebulo langa n'kakafupi kuposa chala cha mkombaphala: mamilimita 28 basi, kuwonjezera kavalo wake. Tidoli totere timabwera m'bokosi kuchokera ku Nottingham tili zidutswazidutswa. Ndimamata ndi guluu, ndikupaka penti yakuda thupi lonse, kenaka ndikupukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma ndi kuidutsitsa mopepuka ndi penti ya siliva, kuti zovala zachitsulo ziwale m'mphepete mokha. Eni ake ndi azibambo a kuno ku Somerset West amene amafola tidoliti patebulo ndi kumenyanso ndi madayisi nkhondo zimene mabanja a York ndi Lancaster analimbirana ufumu wa England pakati pa 1455 ndi 1485. Ine changa ndi burashi, amandilipira pa kadoli kalikonse.

Aka anandiuza kuti ndi Henry Beaufort, Duke wachitatu wa Somerset, ndipo anyamata ake ndiwaveke zoyera ndi zabuluu. Ndinaseka dzinalo, ndimaganiza kuti zangofanana. Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti si mwangozi.

Henry anali ku St Albans mu 1455 tsiku limene bambo ake, Edmund, anaphedwa ndi a York, iye navulazidwa. Chidani chake chinayambira pomwepo. Pa 29 Malichi 1461, Lamulungu la Kanjedza, ndiye anatsogolera asilikali a Lancaster ku Towton. Kunkagwa chipale chofewa, mphepo ikuwomba kumaso kwawo, moti mivi ya a York inkawapeza pamene yawo inkagwera panjira. Anagonja. Anathawa, anayanjana ndi Mfumu Edward IV kwa kanthawi, naitembenukiranso, ndipo pa 15 Meyi 1464 anamugwira ku Hexham ndi kumudula mutu. Sanakwatirepo. Anasiya mwana mmodzi wapathengo amene anabereka ndi mkazi wotchedwa Joan Hill.

Kwathu mwana ameneyu sakanavuta. Akanakulira kuchikazi, malume ake akanamugawira munda, nkhani yatha. Ku England dzina ndi chuma zimadzera kuchimuna, ndipo mwana wa kunja kwa ukwati sakanalowa ufumu wa bambo ake. Choncho dzina la ufumuwo linasanduka dzina lake la banja, nakhala Charles Somerset. Mwayi wake unali wakuti mfumu imene inapambana mu 1485, Henry VII, inali mwana wa Margaret Beaufort, wa magazi omwewo. Mu 1514 Charles anapatsidwa ufumu wa Earl wa Worcester, ndipo zidzukulu zake zinadzakhala ma Duke a Beaufort.

Mmodzi wa mbumba imeneyi, Lord Charles Somerset, anali bwanamkubwa wa Cape kuyambira 1814 mpaka 1826. Tauni ino inakhazikitsidwa mu 1822 nitenga dzina lake. Beaufort West analitchula polemekeza bambo ake, Worcester mkulu wake. Amalawi amene timakwera basi ya ku Johannesburg timadutsa mayina a banja limodzi, osadziwa kuti onse akuchokera kwa mwana wa Joan Hill uja. Bwanamkubwayu ankakonda akavalo a mpikisano. Ndi iyenso amene pa nkhondo ya 1819 anachotsa Amaxhosa pa malo a pakati pa mitsinje ya Fish ndi Keiskamma, ndipo mtsogoleri wawo Makhanda anatumizidwa ku Robben Island, komwe anamira poyesa kuthawa. Ndikakumbuka zimenezi burashi imayamba kulemera.

Pali bodza lina laling'ono limene timapenta tonse. Akuluakulu a ku England nthawi imeneyo kawirikawiri ankatsika pakavalo ndi kumenya nkhondo wapansi. Kavalo ankagwira ntchito kwambiri pothamangitsa ogonja, kapena pothawa. Amene analibe kavalo ndi amene mafupa awo anapezeka m'dzenje limodzi ku Towton mu 1996, anthu oposa 30, zibade zili zobooka, ena anatemedwa chakumbuyo. Palibe tauni imene ili ndi dzina la mmodzi wa iwo. M'bokosi amabwera ambirimbiri, nkhope zofanana, ndipo mtengo wowapenta ndi wotsika.

Mwini kadolika anapempha kuti Duke awale ngati akupita ku ukwati. Ndamuwalitsa, pajatu lendi siidikira. Koma kavalo ndamupaka matope mpaka m'mawondo, ndipo pakathabwa kamene waimapo ndasakaniza soda ndi guluu kuti pakhale chipale cha ku Towton. Loweruka akadzabwera kudzamutenga ndidzamva ngati matopewo awalola.